Sitayilo ya Malemu Lusiya

Zaka zoyamba pa Boma

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndinakuuzani pakamwa mpaka munatopa nazo, ndiye pano ndiyambira pa ntchito. Ndinatsika minibasi pa Phalombe Boma ndili ndi chikwama chimodzi ndi satifiketi ya kutayipa, kudzayamba ntchito pa bungwe lina lothandiza alimi a nandolo ndi mpendadzuwa. Dzina la bungwelo ndilisiya, poti lasinthanso kangapo. Bwana wanga woyamba anali bambo Chirambo, munthu wa kumpoto, wamtali, wokonda kuyankhula ataimirira ngakhale mpando uli pomwepo. Ntchito yanga inali makalata, malipoti ndi kuwiritsa tiyi alendo akabwera, ngakhale za tiyizi sizinalembedwe paliponse. Zaka zinapita choncho. Ndinakwatiwa ndi bambo anu, ndinabereka inu, makina otayipira anachoka panabwera kompyuta, ine ndili pampando womwewo.

Kenako panabwera Lusiya. Kwawo kunali kumudzi wa m'munsi mwa phiri, mbali yathu ino, ndipo anali atakaphunzirako zamakompyuta ku Blantyre. Anali wamng'ono kwa ine, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya ndiwo pamoto. Chichewa chake chinali choimba, cha Alhomwe, ndipo ine ndinkamuseka, nayenso ankaseka changa kuti ife a ku Dedza timayankhula ngati tikuzizidwa. Tsiku loyamba lomwe anayamba kunditchula kuti achemwali, ndipo sanasinthe mpaka kumapeto.

Tsiku lina bambo Chirambo anabwera kuchokera ku msonkhano ku Lilongwe nkhope ili gwaa. Anaponya buku lalikulu patebulo pathu.

"Mabungwe anzathu onse ali ndi webusayiti," anatero. "Ine andifunsa ya kwathu, ndangoyang'ana pansi. Awirinu mutipangire."

"Bwana, ine ndimangodziwa kutayipa," ndinawayankha.

"Imeneyonso ndi kutayipa. Funsani mnzanuyo."

Zaka za kompyuta imodzi

Ndikufotokozereni pang'ono, poti inu mumangotsegula masamba pa foni osadziwa za kuseri kwake. Tsamba la pa intaneti lili ndi mawu ake, komanso lili ndi chovala chake: mtundu wa zilembo, kukula kwake, pamene chithunzi chikhale, mpata wa pakati pa ndime. Chovalacho chimalembedwa m'fayilo yapayokha. Akatswiri amati CSS, ife tinkangoti sitayilo. Ukalemba m'menemo kuti mitu yonse ikhale yobiriwira, masamba onse amamvera nthawi imodzi. Tsiku limene Lusiya anandionetsa zimenezi ndinasintha mtundu wa mutu kambirimbiri, ndikuseka ndekha, mpaka bwana anasuzumira kudzaona ngati ndili bwinobwino.

Kompyuta yabwino inali imodzi pa ofesi yonse, magetsi nawo ankabwera akafuna okha. Choncho tinagawana: Lusiya m'mawa, kuti aziweruka dzuwa likadalipo poti kwawo kunali kokwera, ine masana ndikamaliza makalata. Masiku ambiri tinkangopatsana moni pakhomo, iye akutuluka kupita kwa alimi, ine ndikukhala pampando umene wasiya wofunda.

Buku lija linkati zigawo za tsamba tizizipatsa mayina. Mayina ake anali achingerezi, ndipo Lusiya anakana. "Achemwali, wowerenga izi ndi ndani? Ndi inu ndi ine basi." Ndiye chigawo chapamwamba, pamene pamakhala dzina la bungwe, tinachitcha khonde. Chapansi tinachitcha kuseri. Kabokosi kolembamo masiku ndi malo ogulira mbewu kanali dengu. Mtundu wobiriwira unali nandolo, wofiirira unali kalongonda. Zonsezi zinali m'fayilo imodzi, ndipo lamulo lathu linali lakuti chatsopano chilichonse tiziwonjezera pansi, chakale osafufuta. Tinali titapsa kale tsiku lina magetsi atathima tikusintha zapakati, ntchito ya mlungu wathunthu n'kupita. Kuyambira pamenepo, chinthu chikalakwika sitinkachikonza pomwe chalakwikira. Tinkalemba lamulo lina pansi loti ligonjetse lapamwambalo, poti mu sitayilo lamulo lobwera pambuyo ndi limene limamveka.

M'fayilo yotere muli malo amene munthu angalembe mawu ake pakati pa tinyenyezi tiwiri, kompyuta osawawerenga. Anawapangira kuti uzikumbutsa mnzako chimene walemba. Poyamba ifenso tinkatero. Ndinkapeza Lusiya walemba kuti, "Achemwali, dengu ndalikulitsa, musalibweze." Ine n'kuyankha pansi pake kuti, "Lakula kwambiri, likuoneka ngati nkhokwe." Posapita nthawi nkhani zina zinayamba kulowamo. "Mwaiwala ambulera yanu, ndapita nayo, mvula yandikakamiza." "Bwana lero adzuka kumanzere, yendani mosamala." "Ndakusiyirani nthochi m'kabati, musauze a dalaivala." Pamene iwe Chikondi unadwala malungo aakulu aja, ndinabwerera ku ntchito n'kupeza pansi pa lamulo la zilembo zazing'ono pali pemphero lalifupi, dzina lako lili momwemo. Masana aliwonse ndinkatsegula fayilo ija n'kuthamangira pansi kukaona chimene mnzanga wandisiyira, ntchito ndinkayamba pambuyo.

Sindinena kuti webusayiti yathu inali yokongola kuposa ya ena. Koma inkagwira ntchito. Alangizi ankaitsegula pa kompyuta za m'maofesi mwawo, n'kukauza alimi tsiku limene ogula afike ndi malo ake. Bambo Chirambo anapuma ntchito akunyadira, ndipo pa tsiku lotsanzikana anatitchula kuti mainjiniya ake, Lusiya n'kubisa nkhope m'nsalu chifukwa cha kuseka.

Chaka chimene Lusiya anatisiya

Matenda ake sanatenge nthawi. Anayamba kudandaula za m'mimba nthawi yokolola, pofika nyengo yozizira anali ataonda mpaka malaya kumukulira. Masana ena ndinapeza pansi penipeni pa fayilo walemba kuti, "Achemwali, ndapita kuchipatala, ndibwera Lolemba. Musakhudze khonde, sindinamalize." Lolembalo sanabwere. Tinakamuika kwawo, phiri lili pamwamba pathu, ndipo ofesi inatumiza kwa abale ake kapu yake, juzi ndi nsapato zimene ankasinthira akafika. Ine ndinapitiriza ntchito ndekha, m'mawa ndi masana omwe. Ndinkawonjezera malamulo anga pansi monga kale, koma pakati pa tinyenyezi sindinalembenso kanthu. Khonde ndinalisiya mmene analisiyira, chithunzi cha bungwe chitapendekera pang'ono kumanzere.

Patapita nthawi tinalandira bwana watsopano, bambo Gondwe, wachinyamata, wophunzira bwino zamakompyuta, waulemu koma wosazungulira poyankhula. Mlungu wake woyamba anandipempha kuti aone sitayilo. Anatsika nayo pansi, anatsikabe, kenako anavula magalasi.

"Amayi, iyi ndi fayilo imodzi?"

"Imodzi, bwana."

"Nanga kalongonda ndi chiyani?"

"Mtundu wofiirira."

Sanaseke, ndipo pa ichi ndimawayamikira mpaka lero. Anandifotokozera modekha kuti alimi tsopano ali ndi mafoni awo, sakudikiranso alangizi, ndipo tsamba lathu linasokedwera sikirini yaikulu. Anati malamulo athu akumenyana okhaokha, ukakonza apa pakuwonongeka apo, ndipo fayiloyo ikulemera moti ikudya bandulo ya munthu tsamba lisanatseguke. Ankafuna kuti ndiiphwasule yonse, ndiigawe m'mafayilo angapo aang'ono, mayina akhale achingerezi kuti wobwera pambuyo panga adzathe kuwerenga, ndipo nkhani za nthochi ndi ambulera zichoke.

"Palibe chotayika, amayi," anatero ataona nkhope yanga. "Yakaleyo isungeni pa flashi."

Iwo ankanena zoona, koma ine mtima unakana. Chinthu chokhala m'kabati si chimodzimodzi ndi chinthu chimene chikugwira ntchito. Nthawi yonse imene fayilo ija inali pa webusayiti, munthu aliyense wotsegula tsamba lathu ankaona dzanja la Lusiya, ngakhale sankadziwa. Kwa ine mnzanga anali akadabwerabe ku ntchito. Ndinapsa mtima, ndipo inu mukundidziwa ndikapsa mtima. Ndinawauza kuti uyu ndi katundu wa malemu, ndipo kuno katundu wa malemu sakhudzidwa ndi munthu wapadera mpaka eni mbumba atakhala pansi n'kunena kumene apite.

"Amayi, ndi katundu wa bungwe," anayankha bambo Gondwe.

"Pa pepala n'zoona. Koma ine ndimakhala ndi anthu amenewa, ndipo maliro anga adzabwera kudzalira ndi iwowa."

Anati ndipite ndikawafunse abalewo. Ndinatuluka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti abale akakana. Ndani angalole kuti ntchito ya mwana wake ifufutidwe? Ndikanabwera nalo yankho limenelo n'kulitula patebulo pa bwana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka la kuphiri

Ndinakwera kabaza mpaka pamene msewu umathera, kwinako ndinayenda wapansi, laputopu ili kumsana m'nsalu ngati mwana. Ndinapeza amalume ake a Lusiya, bambo Mulipa, amene ndiwo mwini mbumba, atakhala pansi pa mtengo wa mango akusongola mpini. Anali okalamba, khutu limodzi losamva bwino. Anaitana a Meliya, mkulu wake wa Lusiya, ndi azimayi ena a pabanjapo, tinakhala pamphasa. Titalonjerana ndinanena kuti pali katundu wina wa malemu amene anatsalira ku ofesi, ndipo ndabwera kudzamva kwa eni ake.

"Tinkayesa zonse zinabwera," anatero a Meliya. "Nsalu zake tinagawana kale, ziwiya zinapita kwa mng'ono wathu. Chatsala n'chiyani?"

Ndinatsegula laputopu. Anasendera pafupi, anaona mizere yokhayokha ya zilembo ndi timikombero, anayang'anana.

"Ndiye chinthucho chili kuti?" anafunsa bambo Mulipa.

"Ndi chimenechi, bambo. Ndi mawu amene amaveka tsamba la alimi lija. Ambiri analemba ndi Lusiya."

"Analembamo chiyani?"

Ndinayamba kuwawerengera za pakati pa tinyenyezi. Nditawerenga za nthochi ndi a dalaivala, a Meliya anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti ameneyo ndi Lusiya weniweni, chakudya sankagawira aliyense. Ndinawerenga za bwana wodzuka kumanzere, za minibasi imene inamufera pa mlatho, za nsapato imene inaduka akuthawa galu wa pa mishoni. Kenako ndinafika pamene analemba kuti, "Achemwali, mawa ndichedwa, a Meliya abereka mwana wamkazi, wafanana ndi ine, mwatsoka lake." Mtsikanayo anali pomwepo pamphasa, wamkulu ndithu, mwana wakenso ali pamiyendo. Palibe anaseka. A Meliya anafunda nsalu kumutu, ndipo ine ndinasiya kuwerenga poti zilembo sizinkaonekanso.

Kenako ndinawauza chimene bwana akufuna: kuti zonsezi zichoke pa webusayiti, palembedwe zatsopano. Ndinanena mokweza kuti khutu la amalume limve bwino, ndipo ndinasankha mawu olemera dala. Bambo Mulipa anaika mpini pansi. Anayankhulana ndi a Meliya m'Chilhomwe kwa kanthawi, ine ndikungotola liwu limodzilimodzi.

"Mayi," anatero potsiriza, "mwachita bwino kubwera, mwatilemekeza. Koma katundu wa malemu timapatsa munthu amene angamugwiritse ntchito. Nsalu timapatsa wovala, khasu wolima. Pano palibe amene angawerenge zimenezi, ngakhale ana athu a kusukulu. Ndi inu nokha. Iye ankakutchulani achemwali, ifenso takumvani lero kuti munalidi achemwali ake. Chinthuchi takupatsani, ndi gawo lanu."

"Koma bambo, akufuna ndichiphwasule."

"Mwati chiyani?"

"Akufuna ndichiphwasule," ndinabwereza mokweza.

"Ndamva. Nanga chinthu chanu mukufunsanso ife?"

Azimayi anawomba m'manja pang'onopang'ono monga achitira katundu akaperekedwa, a Meliya anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anandipatsa mbatata ndi nthochi za paulendo. Ndinatsika phiri lija ndikulira komanso nditakwiya. Ndinapita kukafuna anthu oti andikanire, iwo anandisandutsa m'bale n'kundisenzetsa nkhani yonse ndekha.

Pa Migowi, ndikudikira minibasi, anandiitana mayi Nasiyaya, mlimi wa gulu lathu amene ndinkadziwana naye kuyambira kale. Anatulutsa foni yawo yaing'ono yosweka pakona.

"Inu a ku ofesi, taonani zanuzi. Ndikatsegula imangozungulira, bandulo n'kutha. Ikatseguka, malo ogulira ndikuwaona, koma tsiku lake labisala uku, chala changa sichikulipeza. Mlungu watha ndinasenzetsa nandolo pa njinga mpaka kuno, ogula anali atabwera dzulo lake."

Ndinatenga foniyo. Khonde la Lusiya linali litadzaza theka la sikirini, dengu litasefukira kunja, tsiku osaoneka. Ndinawabwezera foni yawo n'kuwauza kuti tikonza.

Mwezi wophwasula

Lolemba ndinauza bambo Gondwe kuti ndiyamba. Sanandifunse zimene abale ananena, ine sindinawauze. Ndinakopera fayilo yakale pa flashi, kenako ndinatsegula mafayilo atsopano opanda kanthu. Imodzi inali ya maziko okha: mitundu, zilembo ndi kukula kwake, chilichonse cholembedwa kamodzi kuti ukafuna kusintha uzisintha pamalo amodzi. Ina inali ya kayalidwe ka tsamba, kuyambira pa foni yaing'ono kenako sikirini yaikulu. Kabokosi ka masiku kanapeza fayilo yakeyake, mabatani yawoyawo, zithunzi yawoyawo. Ndinkatenga lamulo limodzi m'fayilo yakale, n'kufufuza ngati pali tsamba limene likuligwiritsabe ntchito. Ambiri ndinapeza kuti anafa kalekale, anagonjetsedwa ndi anzawo a pansi, ankangolemeretsa katundu. Amoyo ndinkawasamutsa n'kuwapatsa mayina achingerezi. Nandolo anasiya kukhala nandolo, dengu linasiya kukhala dengu.

Ntchitoyo payokha sinali yovuta, ndipo ndinene zoona, inali yokoma. Zinthu zinayamba kumvera. Ukakhudza batani, chithunzi sichinkasunthanso. Chovuta chinali chakuti kuti ndifike pa lamulo lililonse ndinkayenera kudutsa pa mawu a mnzanga, n'kuwasiya kumbuyo. Masiku ena ndinkayenda mizere yochepa chabe n'kutuluka kukaima panja, kuyang'ana phiri mpaka maso atauma. Khonde ndinalisiya komalizira. Ndinawerenganso mawu ake aja oti ndisalikhudze, sanamalize. Ndinayankhula mokweza muofesi mopanda munthu kuti, "Lusiya, Lolemba lapita, ndikumalizira ine." Ndinawongola chithunzi chija, ndinachepetsa khonde kuti likwane pa foni, n'kutumiza mafayilo atsopano pa webusayiti.

Tsiku la msika ndinapita ku Migowi kukafuna mayi Nasiyaya. Anatsegula, tsamba linabwera nthawi yomweyo, tsiku ndi malo zili pamodzi, zilembo zazikulu. "Eya, tsopano ndiye mwagwira ntchito," anatero, n'kubwerera kukayeza nandolo wawo. Sanaone kuti pachoka chilichonse, ndipo palibe mlimi ngakhale mmodzi amene anadzafunsapo.

Zaka zopuma

Ndinagwira ntchito zaka zina zingapo ndi bambo Gondwe, tinkamvana bwino. Nditapuma, anabwera mtsikana wa ku Zomba kudzalowa m'malo mwanga, ndipo anandiimbira foni kundithokoza kuti anapeza zonse zili m'malo mwake, tsiku limodzi lokha anali atazimvetsa. Ndinakondwa, chifukwa n'zimene tinkafuna. Pambuyo pake bungwe linasintha dzina, webusayiti yonse inapangidwanso mwatsopano ndi anthu a ku Blantyre. Lero mulibe mzere wa Lusiya, mulibenso wanga.

Abale a kuphiri sanandisiye. Kukagwa maliro amanditumizira uthenga ngati mwana wa pakhomo, pa ukwati wa mdzukulu wa a Meliya anandikhazika pamodzi ndi azichemwali. Bambo Mulipa anamwalira, ndinakagona kumeneko masiku onse a maliro.

Fayilo ija ndikadali nayo. Masamba amene inkaveka kulibenso, ndiye palibe chimene ingachite pa kompyuta iliyonse. Koma masana ena, nthawi imene kale ndinkalowa pampando, ndimaitsegula n'kuwerenga kuyambira pamwamba. Ndimamusowa Lusiya. Ndimasowa kufika pa ntchito ndikudziwa kuti munthu wina wandisiyira mawu, ngakhale akhale ondinyoza kuti dengu ndalipinda. Ndimasowanso zaka zimene tinkaphunzira zinthu zazikulu tili awiri, opanda wotiuza kuti sitikuzichita bwino.

Ndalemba chigawo chino kuti mudziwe chimene chili pa flashi yofiira m'chikwama changa cha kutchalitchi, mungadzayese nyimbo n'kujambulapo zanu. Tsiku lina mudzakhala pamphasa ndi amalume anu kugawa zanga. Nsalu zidzapeza ovala, makina osokera adzapita kwa Chikondi, zimenezo sizindidetsa nkhawa. Koma mukadzafika pa flashi ija, amalume anu adzafunsa kuti pano angawerenge ndani. Ndakhala ndikuganiza dzina loti ndikulembereni pano kuti musadzavutike, ndipo sindinalipeze.